Mabokosi a Nsapato a Namafunso

Mwana wa mlongo wanga ali ndi kaofesi kopezera anthu ntchito zapakhomo: ophika, olera ana, osamalira okalamba, alonda ndi osamalira maluwa. Kaofesiko kali pamwamba pa sitolo yogulitsa penti, ndipo kuti ukafikeko umakwera masitepe khumi ndi asanu ndi anayi, fungo la penti likukuperekeza njira yonse. Ndinamuuza tsiku loyamba lomwe kuti afune chipinda chapansi. Anandiyankha kuti munthu wofunadi ntchito saopa masitepe. Ine sindinkafuna ntchito, ndipo yankho limenelo ndidakalisunga.

Kwathu timamutcha Namafunso. Dzinali anam'patsa mayi ake atatopa naye, chifukwa akamutuma mchere kusitolo ankabwera atafunsa mwini sitolo kumene amaoda mcherewo, mapaketi amene amatha pa tsiku, komanso chifukwa chimene mkazi wake anasiyira kukhala pakauntala. Ine, amene ndinayendera sukulu zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndinaona mphunzitsi mwa iye. Ndinamulembera ndekha kalata yopempha malo kukoleji ya aphunzitsi, kalata yosalala bwino, ndipo anamutenga. Anakhalako chaka chimodzi n'kubwerako ndi sutikesi yake, akuti ana a sukulu amangoyankha zimene aphunzitsi akufuna kumva. Mpaka lero sanandipepese.

Atachoka kumeneko analowa ukalaliki kwa bambo wina amene ali ndi ofesi yaikulu ya ntchito yomweyi, uja ine ndimamutcha Chimimba. Munthu ameneyu anandikhazikapo pabenchi maola awiri pamodzi ndi ofuna ulonda, ine nditavala tayi, nditangopita kukaona mwana wa mlongo wanga. Namafunso anagwira kumeneko zaka zisanu ndi zinayi. Chinamuchotsa si malipiro. Akuti Chimimba ankangowerenga anthu otuluka pakhomo, munthu akakwera basi kupita kwa bwana nkhani yake yathera pomwepo. Mtsikana mmodzi ankatha kubwerera kanayi pa chaka akulira, Chimimba n'kumuwerenga ngati anthu anayi opezeredwa ntchito.

Choncho anatsegula kake. Anayamba ndi tebulo limodzi, benchi, ketulo, kalaliki mmodzi wa magalasi omangidwa ndi ulusi, ndi mabokosi atatu a nsapato.

Mabokosiwo ndiwo ofesi. Munthu aliyense amene wapezeredwa ntchito ali ndi khadi lake. Kutsogolo amalembako dzina, ntchito, nyumba ndi tsiku loyamba. Kuseri amalembako chilichonse chimene wantchitoyo kapena bwana wake wanena. Bokosi loyamba ndi la atsopano, amene alowa ntchito mwezi umenewo. Mwezi ukatha khadi limasamukira m'bokosi lachiwiri, la okhazikika. Lachitatu, momwe kale munali nsapato za paukwati wake, ndi la obwerera: othamangitsidwa, othawa, ndi aja amangotulukira m'mawa wina n'kukhala pabenchi osanena kanthu.

Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse, dzuwa likafika pamutu, amakiya chitseko, amazimitsa foni, n'kukhuthula mabokosi onse patebulo. Angagogode ndani, satsegula. Mwamuna wake, munthu wofatsa wokonza magetsi, anaiwalapo makiyi a kunyumba tsiku lotero, ndipo anadikira pamasitepe maola atatu akucheza ndi ogulitsa penti.

Pamsonkhano umenewu tinkakhala atatu: iye, kalaliki ndi ine. Mmene ndinalowera ndi motere. Anabwera kwanga Lamlungu lina, nakhala pampando wanga, umene sakhalapo munthu wina.

"Amalume, muofesi muja aliyense amandikonda. Kalaliki amandithokoza ngakhale tiyi wopanda shuga. Ndikufuna munthu amene sakondwa ndi chilichonse."

"Ndiye waganiza za ine."

"Ayi, ndinafunsafunsa m'banja monse. Onse anatchula inu."

Mayina a amene ananditchulawo ndinawapeza pambuyo pake, ndipo ndili nawo. Komabe ndinapita. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo makutu a mwanayu anali atakhalitsa opanda owatsina.

Ndivomere, ngakhale kuvomera sikundikomera, kuti Lachisanu limenelo ndi tsiku losangalatsa. Timayamba ndi kuseri kwa makhadi. Kalaliki amawerenga mokweza, ndi mawu a woweruza milandu. Madamu wina anadandaula kuti wophika wake amaimba, ndipo nyimbo yake ndi imodzi yomweyo. Mlonda wina anadandaula kuti galu wa pakhomopo amagona pantchito koma palibe amamukalipira. Nkhalamba ina inabweza oisamalira awiri chifukwa ankaisiya dala kuti ipambane pa drafuti. Namafunso anaipezera mayi wina wopanda chifundo, amene amaidyera mbewu zonse za pa drafutipo madzulo alionse, ndipo ali limodzi chaka chachitatu tsopano. Namafunso amaseka mpaka misozi. Kenako amapukuta m'maso, amasanja makhadi m'magulumagulu, n'kufunsa funso lake lija: awa abwereranji, nanga awa akhaliranji?

Malamulo onse a ofesi anabadwira patebulo limenelo. Mwezi wina tinaona kuti obwerera ambiri anachokera m'nyumba zimene sitinaone kogona wantchito. Kuyambira pamenepo satumiza munthu asanaone yekha chipindacho ndi kuyesa loko wa chitseko. Mwezi wina tinaona kuti kumene anagwirizana ndi madamu yekha, bambo wa nyumba ankadzatulukira ndi ntchito zakezake, kutsuka galimoto, kupolisha nsapato, kusambitsa galu. Tsopano amafuna onse awiri akhalepo, ndipo tsiku lopuma alitchule ndi pakamwa pawo wantchito akumva. Lamulo lachiwirili ndinalipeza ndine. Pakhoma analilemba popanda dzina langa.

Khalidwe limeneli amapita nalo ndi kunyumba komwe. Ana ake awiri anandiuza kuti chaka chikamatha amawakhazika pansi n'kuwafunsa chimene mayi awo analakwitsa. Wamng'ono anati amafunsa mafunso ochuluka. Iye analemba pakapepala, kenako n'kumufunsa kuti ochuluka ndi angati.

M'chaka chachisanu ndi chimodzi cha ofesi, bokosi la obwerera linapezeka lopanda kanthu. Kalaliki analitembenuza, naligogoda kumsana, munangogwa kangaude. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Mwezi wachitatu Namafunso anagula keke, kalaliki anavina bokosilo atalivala kumutu, mpaka ogulitsa penti pansi anagogoda denga lawo ndi ndodo ya mopu.

Kekeyo ndinadya nawo, koma sindinakondwe. Ndikamayendera sukulu, kalasi yonse ikakhoza mayeso ndinkayamba ndatsegula kabati ya mphunzitsi wamkulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinanyamula bokosi la atsopano, limene aliyense anali ataliiwala, ndipo linandipepuka m'manja. Kale munkakhala makhadi makumi awiri kapena kuposa. Mwezi umenewo munali anayi. Ndinawayala pafupi ndi keke, limodzilimodzi, kuti awaone bwino.

Namafunso sanadabwe. Anati anali ataona kale, asanu ndi anayi, kenako asanu ndi awiri, tsopano anayi, koma ankadzinamiza kuti ndi nyengo chabe. Benchi linali lodzaza ndi ofuna ntchito tsiku ndi tsiku, pamene foni inali duu. Ofesi yotere imadya mabwana akamaimba foni. Anthu ake atakhazikika, mabwana akale analibenso choimbira, ndipo atsopano sankaoneka. Ife tinali kuvinira bokosi limodzi, linzake likuuma.

Nkhani siigona panjira. Sabata yotsatira Chimimba anakwera yekha masitepe aja, akupumira m'mwamba, nauza Namafunso kuti atseke kaofesiko, abwerere kwa iye akakhale mkulu wa makalaliki, ndipo apite ndi mabokosi ake omwe. Namafunso anam'patsa madzi akumwa, namuuza kuti adzamuyankha Lachisanu lomaliza la mwezi. Kwa ife ananena poyera: m'bokosi la atsopano mukadzapezeka makhadi osakwana khumi, atseka, chifukwa ofesi ya makhadi anayi singasunge chipinda ndi kalaliki wa ana atatu. Ndinamuuza kuti akabwerera kwa munthu ameneyo asadzabwere pamaliro anga. Anati ndisadandaule, adzatuma kalaliki.

Masana omwewo anachita chinthu chimene tinali tisanachitepo. Nthawi zonse tinkasanja makhadi potsata ntchito kapena mwezi. Iye anakankhira tebulo kukhoma, nayala makhadi a zaka zonse pansi potsata misewu, ngati mapu, akukwawa pakati pake wopanda nsapato. Patapita ola limodzi anaima, chala chili pamalo amodzi. Dera la nyumba zatsopano kuseri kwa bwalo la mpira, kumene kunkachokera pafupifupi theka la mafoni athu, linali lisanatiimbire miyezi isanu. Nyumba zinali kumangidwabe, anthu akusamukirako, koma kwa ife kunali zii. Pakati pa makhadi a kumeneko panali la wophika wina wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anzake a pabenchi anamutcha Wailesi. Tinam'pezera ntchito zaka ziwiri m'mbuyomo panyumba ya geti lobiriwira. Namafunso anati ngati kuli munthu wodziwa zimene zachitika kumeneko, ndi ameneyo.

Tinapita Loweruka m'mawa, iye ndi ine. Titatsika basi tinalowa msewu wa geti lobiriwira, Namafunso akupereka moni pageti lililonse monga mwa chizolowezi chake. Pa loyamba panali mtsikana akusesa, wachilendo kwa ife, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Pa lachiwiri panali mlonda, mpata womwewo. Pa lachitatu panatuluka mayi atanyamula mwana wa eni nyumba, ndipo atamwetulira ndinangoyang'ana kumbali. Msewu wonse unali ndi mano amodzi. Aliyense akafunsidwa amene anam'pezera ntchito, yankho linali lomwelo: azakhali, apo ayi achemwali, a pageti lobiriwira.

Wailesi tinam'peza kuseri kwa khitchini akudula anyezi. Atationa anaponya mpeni pansi, nakumbatira Namafunso ndi manja onunkha anyezi, natikhazika, ine pampando, Namafunso pandowa yovundikira. Sanabise kanthu, anafotokoza monyada ndithu. Madamu oyandikana nawo, poona kuti iye wakhalitsa ndipo nyumba ikuyenda bwino, anayamba kumufunsa pampanda ngati ali ndi m'bale. Abale anali nawo. Anaika khumi ndi anayi, ndipo panalibe wobwerera, chifukwa ankachita monga anaonera kuofesi: kuyamba waona chipinda, kuyesa loko, kuimika bambo ndi mayi onse awiri. Kenako analowa m'chipinda chake natuluka ndi chitini cha mabisiketi. Munali makhadi odulidwa ku katoni ya sopo, olembedwa kutsogolo ndi kuseri. Lamlungu lomaliza la mwezi, akuti, amasonkhanitsa abale onsewo pansi pa chingwe choyanikira zovala n'kuwafunsa mmodzimmodzi.

Ine ndinaimirira. Ndinanena kuti kumeneku ndi kuba, kuti mayiyu wakolola m'munda mwa eni ake dzuwa likuswa mtengo, kuti Lolemba ndilemba kalata ya masamba atatu ndipo loya ndikumudziwa. Ndinalankhula bwino kwambiri. Nditamaliza ndinapeza Namafunso sakundimvera n'komwe. Anali ndi makhadi a Wailesi pamwendo, akuwerenga kuseri kwake, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Amalume, taonani apa. Awa amafunsa funso limene ife sitinafunsepo zaka zonsezi. Akuti, kodi umadya nthawi yanji?"

"Wakuba wanzeru ndi wakuba ndithu."

"Achikulire, ine sindinalandirepo kanthu kwa munthu," anatero Wailesi. "Ndalandirapo mavuto okhaokha."

Mavutowo anawafotokoza akutola mpeni wake. Mbiri yake inali itadumpha mpanda kufika misewu ina. Foni inkalira iye ali pamoto, mpunga unapserera kawiri sabata imodzi, ndipo madamu ake anali atamuchenjeza kuti asankhe pakati pa khitchini ndi foni. Nyumba zisanu ndi zinayi zinali kudikira anthu.

"Ndipo abale anga atha, madamu. Atsala amalume anga okha, koma ndi aukali ngati awa, palibe angawalembe ntchito."

Imeneyonso ndinaisunga.

Namafunso anamuuza za benchi lathu lodzaza anthu opanda kopita. Anagwirizana pomwepo, pakati pa makoko a anyezi. Nyumba zija zibwere kuofesi, mafoni azipita kwa kalaliki, Wailesi azilandira gawo lake pa nyumba iliyonse, ndipo madamu ake akalola, Lachisanu lililonse azithandiza kuyendera nyumba. Wailesi anawonjezera chake chimodzi: Lachisanu lomaliza naye azikhala patebulo, popeza anamva kuti kumakhala keke. Ndinatsutsa. Panalibe anandifunsa.

Masabata atatu otsatira Namafunso sanakhale pansi. Ankachoka m'mawa ndi anthu awiri kapena atatu a pabenchi, atavala zositasita, n'kubwera yekha madzulo, fumbi mpaka m'mawondo, akuimba pamasitepe. Foni ya ofesi nayo inabweretsa nyumba ziwiri. Koma pa nyumba za Wailesi anakanapo ziwiri. Ina chipinda cha wantchito chinali chosungiramo matayala, chopanda zenera. Inayo bambo wa nyumba anakana kutuluka kudzatchula tsiku lopuma, akuti iye sakambirana ndi antchito. Kalaliki anamuchonderera, kutsala pang'ono kugwada, koma iye anangomufunsa ngati angatumize mwana wake wamkazi kukagona ndi matayala.

Lachisanu lomaliza tinakhala anayi. Wailesi anabwera atavala chipewa cha nthenga, nadzithirira yekha tiyi asanauzidwe. Makhadi a atsopano ndinawerenga ndine. Asanu ndi anayi. Ndinanyambita chala n'kubwereza, kuopa kuti mwina awiri amatirirana. Asanu ndi anayi omwewo.

Kalaliki anavula magalasi ake. Ananena motsitsa kuti nyumba ziwiri zija zidakadikirabe, kungoimba foni imodzi basi, ndipo palibe angadziwe.

"Ndikhala ndikudziwa ine," anatero Namafunso. "Ndipo mwezi wamawa mudzawapeza m'bokosi lachitatu."

Anatenga foni naiyatsa, chinthu chimene anali asanachitepo pa Lachisanu lotero, nayamba kufufuza nambala ya Chimimba. Zaka zonsezo ndinali nditamuphunzitsa kuti munthu akanena khumi ndi khumi, ndiye ndikanatsutsa chiyani?

Wailesi anameza tiyi wake naika kapu pansi.

"Nanga wanga uja mwamulemba?"

Tonse tinamuyang'ana. Anafotokoza ngati nkhani yachabe. Madamu ake analola kumumasula Lachisanu lililonse pokhapokha patapezeka wina wophika m'malo mwake. Ndiye Lolemba, podutsa paofesi kalaliki atapita kukagula shuga, anangotenga mayi uja ankakonda kukhala pafupi ndi ketulo n'kupita naye. Kuuza kalaliki anaiwala, popeza anazolowera kuchita zinthu yekha. Bambo ndi mayi analipo onse, anawaimika yekha pakhonde. Mayiyo anali atayamba m'mawa womwewo.

Kalaliki analemba khadi mothamanga mpaka cholembera chinaboola pepala. Ine ndinakweza dzanja, chifukwa anandiitanira zimenezo. Ndinanena kuti ntchito ya tsiku limodzi pa sabata si khadi lathunthu, kuti pa masamu enieni ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndipo asanu ndi anayi ndi kachidutswa si khumi. Wailesi anafunsa ngati achikulirewa ali mbali yathu kapena ya Chimimba. Ndinamuuza kuti ndili mbali ya masamu. Namafunso anandimvetsera mpaka ndinamaliza, foni ili m'manja, osaseka ngakhale pang'ono.

"Amalume, mayi uja m'mawa uno anali pabenchi?"

"Sindinamuone."

"Ali kuti?"

"Akuti akuphika."

"Ndiye ndi khumi."

Anandipatsa khadilo kuti ndilembe kuseri kwake kutsutsa kwanga, ndipo ndinalemba ndi zilembo zing'onozing'ono kuti zonse zikwane. Ndikulemba choncho iye anaimba. Anathokoza Chimimba mwaulemu chifukwa chomukumbukira, namuuza kuti sabwera. Mawu a munthuyo ankamveka mpaka pamene ndinakhala, akuti adzanong'oneza bondo, kaofesi ka pamwamba pa penti sikapita patali. Wailesi anawerama n'kukuwira pafoni kuti bwanawo akafuna wophika angoimba Lolemba, koma chipinda tikachiona kaye. Kalaliki anaseka mpaka ulusi wa magalasi unaduka.

Keke kunalibe tsiku limenelo, chifukwa panalibe anayembekeza kuti kukhala chokondwerera. Wailesi anadandaula kuti anamunamiza. Namafunso anatsika yekha masitepe, wopanda nsapato, nabwera ndi mabanzi m'pepala pamodzi ndi ogulitsa penti awiri, amene anati popeza phokoso lawakanika kuletsa, bola adyeko.

Ine ndikunenabe kuti anali asanu ndi anayi ndi kachidutswa, ndipo aliyense wofuna umboni akatembenuze khadilo. Koma Lolemba m'mawa chitseko chinatsegulidwa, ndipo kalaliki akuti foni inalira ketulo isanawire.